Mowa Umodzi, Ziwindi Zosiyana: Za Chibadwa ndi Khansa ya Chiwindi

Pa maliro ambiri m'maparishi mwathu, makamaka a abambo amene amwalira akadali ndi mphamvu, pamamveka funso limene anthu amafunsana monong'ona pa siwa: "Nanga uje, amene wakhala akumwa kachasu kuyambira nthawi ya Kamuzu, bwanji akadali gwa, pamene malemuwa, oyamba kumwa dzulodzuloli, atupa mimba n'kutisiya?" Mayankho ake timawadziwa tonse. Ena amati malemuwo adachita kudyetsedwa. Ena, makamaka anzawo a kumowa, amati imfayo ndi umboni wakuti mowa ulibe mlandu, popeza agogo awo adamwa mpaka kufika zaka 90. Yankho loyambalo limadanitsa abale, ndipo lachiwirilo limalimbitsa mtima munthu amene chiwindi chake chayamba kale kuwonongeka iye asakudziwa.

Funsolo palokha n'lomveka, ndipo madokotala nawonso adakhala akulifunsa kwa zaka zambiri. Gawo lalikulu la yankho lake lapezeka m'zimene munthu amatengera kwa makolo ake pobadwa. Tafuna kuzilongosola pano mwatsatanetsatane, kuti akatekisiti athu ndi atsogoleri a miphakati, amene ndiwo amayamba kufika pakhomo pamene pali wodwala, akhale ndi chonena chenicheni.

Zimene mowa umachita m'chiwindi

Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo chimakhala mbali ya kumanja, kunsi kwa nthiti. Chimapanga ndulu, chimasunga shuga, chimapanga zinthu zothandiza kuti magazi aundane pa bala, komanso chimasefa zoipa m'magazi. Mowa wambiri umene munthu wamwa umakaphwanyidwira kumeneko, ndipo ntchitoyo imachitika pawiri. Poyamba mowawo umasanduka poizoni wotchedwa acetaldehyde. Kenako poizoniyo amasandutsidwa chinthu china chosavulaza chimene thupi limatha kuchigwiritsa ntchito. Munthu akamamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, poizoniyo amachuluka ndipo amawononga maselo, timagawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi lonse. Bungwe la IARC, lofufuza za khansa, limene lili mumzinda wa Lyon ku France, lidaika mowa m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 1988, ndipo mu 2009 lidaikamonso acetaldehyde wochokera ku mowa.

Kuwonongekako kumayenda pang'onopang'ono. Choyamba chiwindi chimadzaza mafuta, ndipo pamenepa munthu akasiya kumwa chimabwerera mwakale. Akapitiriza, chimayamba kutupa, ndipo malo otupawo akamapola amasiya zipsera, monga momwe bala la pakhungu limachitira. Zipserazo zikachuluka, chiwindi chimauma ndi kuchita zibuluma, magazi amavutika kudutsamo, madzi amadzaza m'mimba, maso amachita chikasu, ndipo ena amasanza magazi. Kuuma kumeneku ndiko madokotala amakutcha cirrhosis. Khansa ya chiwindi nthawi zambiri imamera pa chiwindi chouma chotere. Chifukwa chake n'chakuti chiwindi chimayesetsa kudzikonza chokha pobala maselo atsopano, ndipo maselo akamabalana mobwerezabwereza pakati pa poizoni ndi kutupa, limodzi mwa iwo limadzalakwika n'kuyamba kuchulukana osaleka.

Tsono nazi ziwerengero zimene zidadabwitsa akatswiri. Pa anthu 100 omwa mwauchidakwa kwa zaka zambiri, pafupifupi 90 amakhala ndi mafuta m'chiwindi, koma amene chiwindi chawo chimafika pouma ndi 10 mpaka 20 okha. Ndipo mwa amene chauma, si onse amene amadwala khansa: kafukufuku amene adatsata odwala otere ku France ndi ku Belgium, wofalitsidwa mu 2018, adapeza kuti pafupifupi atatu pa 100 alionse amapezeka ndi khansayo chaka chilichonse. Kuchuluka kwa mowa ndi zaka zimene munthu wamwa n'zimene zimatsogola. Amayi amavulala ndi mowa wocheperapo kusiyana ndi abambo. Kunenepa kwambiri, matenda a shuga ndi fodya zimawonjezera ngozi. Komabe ngakhale zonsezi atazifananitsa, pankatsalabe kusiyana kumene kunalibe mwini.

Chizindikiro choyamba chidachokera kwa amapasa. Mu 1981, ku America, akatswiri adaunika mbiri ya zaumoyo ya amapasa aamuna pafupifupi magulu 16,000 amene adagwirapo ntchito ya usilikali. Adapeza kuti mmodzi akakhala ndi chiwindi chouma ndi mowa, mnzakeyo ankapezeka nachonso kawirikawiri pafupifupi katatu ngati anali amapasa ofanana ndendende, kuyerekeza ndi amapasa osafanana. Amapasa ofanana amatengera zonse mofanana kwa makolo awo, choncho zinali zoonekeratu kuti chibadwa chili ndi gawo lake.

Majini n'chiyani?

Makolo athu adaona kale kuti mwana amatengera zina kwa amene adamubala, n'chifukwa chake adati make mbuu, mwana mbuu. Amene adayamba kupeza malamulo ake anali wansembe wa chipani cha Augustino Woyera, Bambo Gregor Mendel, amene adadzala ndi kuwerenga mbewu za nsawawa zikwizikwi m'munda wa nyumba ya amonke ku Brno, m'dziko limene lero ndi Czech Republic. Zimene adapeza adazifalitsa mu 1866, koma anthu adazizindikira mu 1900, iye atamwalira kale mu 1884.

Lero tikudziwa kuti m'kati mwa selo muli malangizo olembedwa pa kaulusi kotchedwa DNA. Malangizowa ali ngati buku la zilembo pafupifupi 3 biliyoni, logawidwa m'ndime pafupifupi 20,000, ndipo ndime iliyonse imatchedwa jini, zikachuluka majini. Pano tichenjeze pang'ono. Mawu akuti majini m'Chichewa chathu amatanthauzanso mizimu ija anthu amati imagwira munthu. Katekisiti akaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti matendawa amabwera ndi majini, osalongosola, theka la mphakati lidzapita kunyumba litamva kuti ansembe avomereza za mizimu. N'kwabwino kunena kuti "zotengera kumtundu" kapena "chibadwa", kenako n'kufotokoza.

Munthu aliyense amalandira jini lililonse kawiri, limodzi kwa bambo ndi lina kwa mayi. Buku la munthu mmodzi limafanana kwambiri ndi la mnzake, koma apa ndi apo chilembo chimodzi chimasiyana. Kusiyana kwambiri kotere kulibe kanthu. Kwina kumasintha kagwiridwe ka ntchito ka chiwalo, ndipo kumeneko n'kumene tikukamba.

Majini atatu odziwika bwino

Loyamba, ndiponso lamphamvu koposa onse, limatchedwa PNPLA3. Kukhudzana kwake ndi mafuta a m'chiwindi kudapezeka mu 2008 mumzinda wa Dallas ku America, pa kafukufuku amene adatsogolera Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen, poyeza mafuta a m'ziwindi za anthu oposa 2,000 a mitundu yosiyanasiyana. Jinili limapanga puloteni imene imakhala pa timadontho ta mafuta m'maselo a chiwindi. Mwa anthu ena chilembo chimodzi chidasintha, ndipo puloteni yosinthikayo sichoka pamene yatha ntchito yake. Imaunjikana pa timadontho tija n'kutsekereza zinthu zina zimene zimayenera kusungunula mafutawo. Tingaziyerekeze ndi mlonda wa nkhokwe amene wakhala pakhomo osalola kuti chimanga chituluke, mpaka chifumbwe chilowe. Mu 2010 zidatsimikizika ku Mexico kuti omwa mowa amene ali ndi mtundu umenewu wa jinili chiwindi chawo chimauma msanga. Kafukufuku wotsatira ku Ulaya adaonetsa kuti ngakhale pakati pa anthu amene chiwindi chawo chauma kale, amene adatengera jini losinthikali ali pa ngozi ya khansa yoposa ya anzawo kawiri kapena kupitirira, makamaka ngati adalitengera kwa makolo onse awiri.

Lachiwiri ndi TM6SF2, limene kukhudzana kwake ndi mafuta a m'chiwindi kudapezeka mu 2014. Ntchito yake ndi kuthandiza chiwindi kutumiza mafuta m'magazi kuti apite kumene akufunika. Likasintha, mafutawo amatsakamira m'chiwindi. Chodabwitsa chake n'chakuti anthu otere amakhala ndi mafuta ochepa m'mitsempha, motero matenda a mtima amawacheperako. Mtima wapepukidwa, chiwindi n'kusenza katunduyo.

Lachitatu, HSD17B13, nkhani yake ndi yotembenuza. Mu 2018 zidapezeka kuti anthu ena amabadwa ndi jinili lili losagwira ntchito, ndipo kusagwira ntchitoko kumawateteza. Amene adalitengera kwa kholo limodzi, ngozi yakuti chiwindi chiume ndi mowa idatsika ndi magawo pafupifupi 40 pa 100, ndipo amene adalitengera kwa makolo onse awiri idatsika ndi magawo oposa 70 pa 100. Agogo aja amene adamwa mpaka zaka 90 mwina anali m'gulu lotere. Koma mdzukulu wawo amangotengerako gawo limodzi mwa magawo anayi a chibadwa chawo. Magawo atatu otsalawo amachokera kwa agogo ena atatu, amene mbiri yawo sitchulidwa pamalo omwera mowa.

Majiniwa amaphatikizana. Mu 2020, akatswiri a ku Copenhagen adaunika anthu oposa 400,000 a ku Denmark ndi ku Britain, ndipo adapeza kuti amene adatengera mitundu yoipa yokhayokha ya majini atatuwa anali pa ngozi ya chiwindi chouma yochuluka mpaka ka 12, ndi ya khansa ya chiwindi yochuluka mpaka ka 29, kuyerekeza ndi amene adatengera mitundu yabwino yokhayokha. Anthu a kumapeto koipaku ndi ochepa kwambiri. Ambirife tili chapakatikati. Ntchito yofufuza idapitirira: mu 2022 gulu la akatswiri a ku France ndi ku Belgium lidapeza malo ena pafupi ndi majini a WNT3A ndi WNT9A amene amachepetsa ngozi ya khansa mwa odwala chiwindi chifukwa cha mowa, ndipo mu 2023 gulu la ku Germany ndi maiko oyandikana nawo lidapezanso chimodzimodzi pa jini la TERT, limene limayang'anira kuti selo lingabalane kangati.

Chofunika kuchimvetsa bwino pa zonsezi n'chakuti jini ngati PNPLA3 limaonetsa mphamvu zake pamene chiwindi chalemedwa. Munthu amene ali nalo koma samwa ndiponso sanenepa kwambiri, kawirikawiri amakalamba osadziwa n'komwe kuti ali nalo. Akamamwa, kapena akanenepa, kapena zonse ziwiri, m'pamene kusiyana kwake ndi anzake kumakula. Chibadwa chili ngati udzu wouma wa mwezi wa October. Wina adabadwa ndi udzu wambiri pabwalo, wina wochepa, koma popanda woponyapo moto palibe lupsa.

Ku East Asia kuli chitsanzo china chimene tingochitchula mwachidule. Anthu pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse ku China, Japan ndi Korea amabadwa ndi jini la ALDH2 lofooka, motero matupi awo amachedwa kuchotsa acetaldehyde uja. Akangomwa pang'ono nkhope imafiira, mtima umagunda mothamanga, ndipo amamva nseru. Ambiri amaleka mowa chifukwa cha zimenezi, ndiye kuti jinilo lawatchinjiriza. Koma amene amaumirira kumwa amakhala pa ngozi yaikulu ya khansa ya kummero.

Nanga kwathu kuno?

Pa kafukufuku wa ku Dallas uja, mtundu woipa wa PNPLA3 unali wofala kwambiri pakati pa anthu ochokera ku Latin America, unali wocheperapo pakati pa azungu, ndipo unali wochepa koposa pakati pa anthu akuda a ku America. Wina pomva izi angaganize kuti ife tapulumuka. Maganizo otere ndi osokeretsa. Choyamba, kafukufuku wambiri wa majini padziko lonse wachitika pa azungu. Anthu ochokera ku Africa sadapitirire atatu pa 100 alionse amene adayezedwa, chikhalirecho m'Africa muno ndimo muli kusiyanasiyana kwa majini kochuluka kuposa kwina kulikonse. Chachiwiri, chiwindi cha munthu wa kuno chili ndi adani ena atatu amene mzungu wa ku Copenhagen sakumana nawo kawirikawiri, ndipo onsewo amagwirizana ndi mowa.

Mdani woyamba ndi kachirombo koyambitsa matenda otupa chiwindi a mtundu wa B. Kafukufuku wa m'Malawi muno waonetsa kuti akuluakulu pakati pa 5 ndi 8 pa 100 alionse ali nako, ndipo odwala khansa ya chiwindi oposa theka amene adayezedwa ku Blantyre adapezeka nako. Ambiri amakatenga pobadwa kapena ali aang'ono, ndipo kamakhala m'thupi zaka zambiri osaonetsa chizindikiro. Kameneka n'kamene kamachititsa kuti m'banja limodzi mufe anthu angapo ndi matenda ofanana, anthu n'kumati ndi za kumtundu kapena ufiti, pamene ndi kachirombo kodutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana, kapena pakati pa ana okulira nyumba imodzi. Katemera wake adayamba kuperekedwa kwa makanda m'dziko muno mu 2002. Amene adabadwa chisadafike chaka chimenecho, ndiwo abambo ndi amayi a m'mipingo mwathu lero, ambiri sadalandire.

Mdani wachiwiri ndi poizoni wa chuku, wotchedwa aflatoxin, amene amapezeka m'mtedza ndi m'chimanga chosungidwa chisadaume bwino. Pano m'pofunika kusiyanitsa mitundu iwiri ya kusintha kwa majini. Kwina munthu amabadwa nako, ngati kuja tafotokoza kale. Kwina kumachitika m'kati mwa moyo, m'maselo a chiwalo chimodzi chokha, ndipo sikupita kwa ana. Mu 1991 akatswiri adapeza kuti m'zotupa za khansa za odwala a kummwera kwa Africa, makamaka a ku Mozambique, komanso a ku Qidong ku China, jini la TP53 linali litasweka pa malo amodzimodzi, pa nambala 249. Jini limeneli ndilo limaletsa selo lolakwika kuti lisabalane, ndipo chimene chimaliswa pamalopo ndi poizoni wa chuku. Chizolowezi chathu chogulitsa mtedza wabwino n'kusinja wofumbwa kuti ukhale nsinjiro za pakhomo, kapena chosankha chimanga chowola kuti chikhale chofululira mowa, chili ndi mtengo wake umene umalipidwa patapita zaka.

Mdani wachitatu ndi wa m'dera lathu lino lokha, ndipo akuonetsa bwino momwe chibadwa ndi chakumwa zimakumanirana. Mu 1929 dokotala wina wotchedwa Strachan, wogwira ntchito ku Johannesburg, adaona kuti ziwindi za anthu akuda ambiri amene adamwalira zinali zodzaza ayironi. Pambuyo pake zidadziwika kuti gwero lake ndi mowa wa masese wofululira m'migolo yachitsulo: mowawo pokhala wowawasa umasungunula chitsulo cha mgolo, ndipo womwayo amameza ayironi wochuluka koposa amene thupi limafuna. Thupi lilibe njira yotayira ayironi wotsala, choncho amaunjikana m'chiwindi, n'kuchiumitsa ndi kuwonjezera ngozi ya khansa. Komabe si onse omwa mowa wa m'migolo amene ankadwala. Mu 1992, dokotala Victor Gordeuk ndi anzake ataunika mabanja 36 a m'chigawo chino cha Africa, adapeza kuti vutoli limatsata mabanja, ndipo limakula mwa amene ali ndi chibadwa chake komanso akumwa mowa wotere. Azungu nawonso ali ndi matenda ounjika ayironi, koma awo amachokera ku jini lina, la HFE, lopezeka mu 1996, limene mtundu wake woipa supezekapezeka kuno. Mbiya za dothi zimene agogo athu ankafululiramo zinalibe vuto limeneli. Lidabwera ndi migolo.

Munthu mmodzi angathe kukhala ndi zonsezi pamodzi: kachirombo kuyambira ali khanda, chuku m'chakudya, ayironi wa mumgolo, kachasu madzulo alionse, ndi chibadwa chimene palibe adachiyezapo. N'chifukwa chake khansayi kuno imagwira anthu akadali achinyamata. Kafukufuku wa m'zipatala za maiko angapo a mu Africa, wofalitsidwa mu 2017, adapeza kuti kunja kwa dziko la Egypt theka la odwala linapezeka ndi khansayi lisanapitirire zaka 46, ndipo theka linamwalira isanathe miyezi itatu chipezekereni nayo, popeza ambiri adafika kuchipatala mochedwa. Padziko lonse, mu 2022, anthu oposa 860,000 adapezeka ndi khansa ya chiwindi ndipo oposa 750,000 adamwalira nayo.

Chimene chingachitike pakhomo ndi kuchipatala

Kuyeza majiniwa sikudalowe m'ntchito ya tsiku ndi tsiku ya zipatala, ngakhale ku Ulaya. Kumeneko akatswiri akuyesa kuona ngati kungathandize kusankha odwala ofunika kuwaunika pafupipafupi, ndiponso akuyesa mankhwala ozimitsa PNPLA3 ndi HSD17B13 m'chiwindi. Kwa ife, chimene chili pafupi ndi mbiri ya banja. Ngati bambo, mayi, mchimwene kapena mlongo adamwalira atatupa mimba, atachita chikasu kapena akusanza magazi, otsalawo ali ndi chifukwa chokwanira chokayezetsera magazi awo ngati ali ndi kachirombo ka mtundu wa B, ndi chotalikirana ndi mowa kotheratu. Kachiromboka kali ndi mankhwala ake, tenofovir, omwe aja amapezekanso m'mankhwala otalikitsa moyo a HIV, ndipo amachepetsa kwambiri ngozi ya khansa.

Kwa amene chiwindi chawo chauma kale, kusiya mowa kumatalikitsa moyo pa msinkhu ulionse wa matendawa, koma ngozi ya khansa imatsika pang'onopang'ono, pa zaka zambiri. Motero malangizo a madokotala ndi akuti munthu wotere aziunikidwa m'mimba ndi makina a ultrasound miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ngakhale akumva bwino, chifukwa chotupa chaching'ono sichipweteka, ndipo m'pamene chingachotsedwe kapena kutenthedwa. Makinawa alipo m'zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu, komanso m'zipatala zina za m'maboma ndi za mishoni.

Pali chinthu chimodzi chimene oyendera odwala ayenera kuchidziwa asanalimbikitse munthu kulonjeza pamaso pa mphakati kuti kuyambira mawa sadzalawanso. Amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse kwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi, angathe kuyamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kukomoka ngati wa khunyu, makamaka pa masiku atatu oyambirira, ndipo ena amamwalira nazo. Abale poona zimenezi amathamangira kunena kuti wagwidwa ndi mizimu. Munthu wotere aperekezedwe kuchipatala tsiku limene waganiza zosiya, kumene amapatsidwa mankhwala okhazika thupi pansi ndi vitamini B1 kwa masiku angapo, mpaka nyengo yoopsayo itadutsa.